Kumanga galimoto ya rimoti yopirira fumbi ndi miyala ya ku Dedza

Galimoto ya rimoti ikamatuluka m'katoni imakhala yokonzekera bwalo losesedwa bwino. Kuno ku Dedza imakumana ndi katondo amene mu Okutobala amasanduka fumbi losalala ngati ufa woyera, mu Januwale n'kukhala phala lomata, kuphatikizapo miyala ya m'munsi mwa phiri ndi chisanu cha mu Juni. Ambiri akangoigula amathamangira kugula mota yamphamvu, ndipo pakangopita masabata awiri galimoto ili pamwamba pa kabati, magiya atakukutika. Pa boma palibe sitolo ya masipeya a zinthu zimenezi. Kagiya kamodzi kakatha mano mudikira masabata angapo kuti kafike kuchokera ku China, apo ayi mupemphe wachibale amene akubwera pa basi kuchokera ku Johannesburg. N'chifukwa chake ntchito iyenera kuyamba ndi ma bearing, matayala, servo (kamakina kokhotetsa mawilo akutsogolo) ndi kutseka fumbi. Mota ibwere pamapeto penipeni.

Sankhani kaye mtundu

Pali mitundu iwiri imene ikuyenera malo athu. Woyamba ndi wothamanga, buggy kapena truck, wofuna bwalo la mpira kapena msewu wafumbi wopanda anthu. Wachiwiri ndi crawler, galimoto yoyenda mwa kachetechete, yokwera miyala ndi mizu pa liwiro la munthu woyenda pansi. Kwa munthu woyamba kumene, crawler ndi yabwino kuposa: sithyoka kawirikawiri, batire imakhalitsa, ndipo miyala ndiye kwathu kuno ilipo yosowa nayo chochita.

Kukula kwake amakulemba ngati 1/10, 1/14 kapena 1/16, poyerekeza ndi galimoto yeniyeni. Ya 1/10 ndi imene masipeya ake amalowana kwambiri pakati pa makampani: ma wilo ambiri amakhala pa hex (kanati ka makona asanu ndi limodzi) ya mamilimita 12, servo ndi ya saizi imodzi, mota ndi ya 540 kapena 550. Mwa zotsika mtengo pali WLtoys 144001 ya 1/14 yothamanga ndi WPL C24 ya 1/16 yokwera miyala. Zapamwamba ndi monga Axial SCX10, Traxxas Slash ndi zida za Tamiya zimene mumalumikiza nokha kuyambira pa sikuluwu yoyamba. Musanalipire, funsani chinthu chimodzi: kodi receiver (yolandira siginolo ya rimoti), ESC (yowongolera liwiro la mota) ndi servo ndi zosiyana, kapena zonse anaziphatikiza pa kabolodi kamodzi? Ngati ndi kabolodi kamodzi, tsiku losintha chimodzi mudzasintha zonse pamodzi ndi rimoti yomwe. Servo ya mawaya asanu ndi chizindikiro cha mtundu umenewu. Yabwino kusinthitsa imakhala ndi mawaya atatu. Zoyendera mafuta a nitro zisiyeni, mafutawo simuwapeza.

Zida

Mufunika ma Allen key a mamilimita 1.5, 2.0 ndi 2.5, a chigwiriro ngati sikuludiraiva, chifukwa tija tokhota tobwera m'katoni timafewa n'kuwononga mitu ya masikuluwu. Onjezani sipanala ya mtanda ya manati a 5.5 ndi 7, pulayala yosongoka, mswachi wakale, burashi ya penti, supaguluu, thread lock yabuluu (guluu woletsa masikuluwu kumasuka), girisi pang'ono, mafuta a makina osokera ndi pampu ya njinga. Masikuluwu ikani m'thireyi ya mazira, chibowo chilichonse gawo lake, ndipo jambulani ndi foni musanamasule chilichonse.

Thread lock ndi ya pamene sikuluwu ikulowa m'chitsulo basi. Pa pulasitiki imaiwononga. Pobwezera sikuluwu m'pulasitiki, yambani mwaizungulitsa chobwerera mpaka mumve kuti kha, yagwera m'mizere yake yakale, kenako mangani. Mukangoikankha imadula mizere yatsopano, ndipo kachitatu bowo latha.

Gawo loyamba: ma bearing

Galimoto zambiri zotsika mtengo, ngakhalenso zida zina za Tamiya, zimabwera ndi timabushi ta pulasitiki kapena ta mkuwa m'malo mwa ma bearing. Fumbi likalowa pakati pa bushi ndi shafti limakhala ngati sandipepala. Wilo imayamba kugwedera, magiya salumananso bwino.

Chotsani bushi imodzi pa malo aliwonse, yezani bowo lamkati, m'mimba mwake kunja ndi kunenepa kwake. Saizi zofala pa 1/10 ndi 5x11x4, 5x10x4 ndi 10x15x4. Oodani za zotsekera za labala, zimene dzina lake limathera ndi 2RS, osati za zotsekera zachitsulo za ZZ. Za labala zimalemerako pang'ono pozungulira, koma ndi zimene zimakaniza fumbi la katondo. Gulani kawiri chiwerengero chimene mukufuna, poti za kumawilo zimatha msanga. Poika, kankhani mphete yakunja ndi chala kapena kathabwa. Osamenya ndi hamala.

Gawo lachiwiri: matayala

Palibe chosintha china chimene chimamveka msanga m'manja ngati tayala. Pa dothi louma lolimba, la pabwalo la mpira mu Seputembala, mufuna tayala la timinga ting'onoting'ono tothithikana. Pa udzu ndi dothi lofewa, mano akuluakulu otalikirana, oti matope azigwa okha. Crawler imafuna labala yofewa kwambiri pa rimu ya mainchesi 1.9 ya mtundu wa beadlock, imene imapana tayala ndi masikuluwu popanda guluu.

Matayala a galimoto yothamanga amamatidwa. Pukutani mlomo wa tayala ndi mpata wa rimu ndi sipiriti, chifukwa tayala latsopano limakhala ndi mafuta a kufakitale amene amakanitsa guluu. Ikani siponji yake mkati mosapindika, khazikani tayala, kenako kwezani mlomo pang'onopang'ono mukudontheza supaguluu kuzungulira konse. Mangani ndi mpira wodula ku chubu ya njinga, siyani mbali imodzi iume musanatembenuze. Mukalakwitsa, kuwiritsa wilo m'madzi kwa mphindi 15 kumafooketsa guluu, koma gwiritsani ntchito chitini, osati poto wa kukhitchini.

Marimu ambiri ali ndi tibowo topumira. Tibowo timeneti ndi khomo la fumbi ndi madzi: siponji imanyowa, wilo imalemera mbali imodzi, galimoto imanjenjemera, ma bearing n'kutha. Tsekani tibowoto ndi tepi mkati musanamate, ndipo boolani tibowo tiwiri ta mamilimita awiri pakati pa mano a tayala, moyang'anizana. Wilo ikamazungulira imataya yokha zonse zolowa.

Gawo lachitatu: servo

Servo ya magiya a pulasitiki imafa tsiku limene wilo yakutsogolo yagunda chitsa. Pa 1/10 gulani ya magiya achitsulo, ya mphamvu ya makilogalamu 20 kapena 25. Werengani mano a pamutu pake musanaoode kamkono: ambiri ndi 25, koma aliponso a 23 ndi 24, ndipo kamkono kolakwika kamalowa bwinobwino kenako n'kupulumuka pakati pa ulendo.

Kuika kwake kuli motere. Lumikizani servo ku receiver isanamangidwe kamkono. Yatsani rimoti, ikani trim (kabatani kolunjikitsa mawilo) ya chiwongolero pakati, yatsani galimoto, servo idziimika yokha pakati. Pamenepo ndi pamene mukhazike kamkono, mawilo ali chilunjikire. Kenako khotetsani mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Mukamva servo ikung'ung'udza kumapetoko, ikukankha chinthu chimene chafika kale pothera. Chepetsani EPA (malire a kukhota) pa rimoti mpaka phokoso lileke. Servo zambiri zimapsa chifukwa cha ichi, osati chifukwa cha miyala.

Servo yamphamvu imakoka magetsi ambiri. Ngati mukakhotetsa galimoto ikudukiza kapena nyale ya receiver ikuphethira, BEC ya mu ESC, gawo lopatsa receiver ndi servo magetsi, yachepa. Kapasita yolowetsa pa channel (polowetsa pulagi) yotsala ya receiver imathandiza vuto likakhala laling'ono. Likapitirira, ikani BEC yapadera ya 6V, ndipo solani waya wofiira pa pulagi yochokera ku ESC n'kuukulunga ndi tepi, kuti magwero awiri a magetsi asalimbane.

Gawo lachinayi: fumbi ndi madzi

Pano ndi poyenera kukhalitsapo. Lamulo loyamba: giya lililonse limene lili poyera lisaone girisi. Girisi ndi fumbi zikasakanikirana zimapanga phala lopera, ndipo spur (giya lalikulu loyendetsedwa ndi mota) ya pulasitiki imatha m'masiku ochepa. Girisi ndi wa m'kati mwa bokosi lotsekeka, monga la diff (magiya a pakati pa ekiselo ogawira mawilo mphamvu). Ngati chivindikiro cha magiya chili ndi mpata, pakani kamzere kopyapyala ka silikoni m'mphepete, kapena matani tepi. Kamwala kamodzi kokwana njere ya mapira kakalowa pakati pa pinion (kagiya ka pa mota) ndi spur kamathyola mano awiri nthawi imodzi.

Chesisi yonse mukhoza kuiveka chovala. Dulani neti yakale ya udzudzu kapena sokosi yopyapyala ya amayi, isokereni mphira m'mphepete, ivekeni kuchokera kumbuyo kwa servo mpaka kutsogolo kwa magiya akumbuyo. Imatchinga timiyala, udzu ndi chisoso, koma imasunganso kutentha, choncho muzigwira mota pafupipafupi masiku oyamba. Mota ya ma brush (timakala topereka magetsi m'kati mwake) ili ndi mabowo ndipo maginito ake amakoka tizitsulo ta mumchenga. Ipopeni ndi pampu ya njinga mukamaliza kuyendetsa.

Pansi pa chesisi ikani chishango. Pulasitiki ya chigubu cha malita 20 ndi yabwino zedi: ndi yoterera pa miyala, siithyoka, ndipo imadulika ndi mpeni wakuthwa. Jambulani kaye pa katoni, dulani, boolani potsata masikuluwu a pansi, ndipo gwiritsani ntchito masikuluwu otalikirapo ndi mamilimita awiri kapena atatu. Mlomo wakutsogolo utenthetseni pang'ono pa mbaula n'kuupinda m'mwamba kuti usamakole.

Nyengo ya mvula, receiver ilowe m'baluni, pakamwa pomangidwa ndi kawaya, antena ili kunja. Mawu akuti waterproof pa katoni amanena za zamagetsi zokha. Ma bearing, mapini ndi masikuluwu amachitabe dzimbiri. Mukachoka m'matope chotsani batire, tsukani ndi burashi ndi madzi ochepa, umitsani ndi pampu, dontho limodzi la mafuta a makina pa bearing iliyonse. Matope a katondo mukawasiya agone amauma ngati njerwa.

Gawo lachisanu: ma shock ndi diff

Kwezani galimoto masentimita 30 kuchokera pansi muisiye igwe. Yabwino imatera n'kukhala phee. Ikadumphadumpha ngati chule, mafuta m'ma shock mulibe kapena ndi opepuka. Ikamenyetsa mimba pansi, mafuta ndi opepuka kapena masipuling'i ndi ofewa. Mafuta ake ndi a silikoni, ndipo pa 1/10 poyambira ndi 30wt kapena 35wt. Oyilo wa injini kapena mafuta ophikira musayese: amawononga timphira totsekera ndipo amasintha kwambiri ndi nyengo.

Chotsani sipuling'i, tsegulani chivindikiro, khuthulani akale. Kokani shafti mpaka pansi, thirani mafuta mpaka pafupi ndi pakamwa, yendetsani shafti m'mwamba ndi pansi modekha, pisitoni isatulukire pamwamba pa mafuta. Imikani shock kwa mphindi 10 thovu lonse likwere. Kenako khazikani kamphira ka pamwamba, osefukira atuluke, mangani chivindikiro ndi dzanja. Ma shock awiri a ekiselo imodzi azibwerera mofanana mukawakankha. Shafti musaigwire ndi pulayala yosavala. Kachidutswa ka chubu pakati kamateteza, poti kakanda kamodzi kamang'amba mphira ndipo shock imadontha mpaka kalekale. Msinkhu wa galimoto ikonzeni ndi timphete ta pa sipuling'i mpaka mashafti oyendetsa mawilo agone mowongoka batire ili m'kati.

Diff ikamalira kuti kha-kha-kha mukaponda moto, magiya ake awiri atalikirana. Tsegulani, onjezani shim (kawashala kopyapyala) ya mamilimita 0.1 kumbuyo kwa giya, tsekani, zungulitsani ndi dzanja. Pitirizani mpaka kugwedera kutsale kochepa koma popanda polimba. Diff yotsekeka ya mafuta thirani a silikoni a 5000 kutsogolo ndi 3000 kumbuyo ngati poyambira, mongokwirira timagiya ta m'kati. Crawler ilibe nkhani imeneyi, ma ekiselo ake ndi okhoma. Iyo imafuna kulemera kutsike ndiponso kupite kutsogolo, pafupifupi magawo 60 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, ndiye batire isunthireni kutsogolo ngati malo alola.

Za mikono ya aluminiyamu yonyezimira ija: isiyeni. Mkono wa pulasitiki umapinda n'kubwerera, ukathyoka mwataya kanthu kotchipa. Wa aluminiyamu umapititsa nkhonya yonse ku bokosi la magiya. Gulani mikono iwiri ya pulasitiki yapadera muisunge. M'mawa wa mu Juni ndi Julayi pulasitiki imauma gwa ndipo imathyoka msanga, choncho zodumpha dikirani dzuwa likwere.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: batire

Batire ya mtundu wa LiPo ili ndi 3.7V pa selo iliyonse, 4.2V ikadzaza. Ya 2S (maselo awiri) ndi 7.4V, yodzaza 8.4V, ya 3S (maselo atatu) ndi 11.1V, yodzaza 12.6V. Yambani ndi 2S. Selo isatsike pansi pa 3.0V, ndiye yatsani cutoff ya LiPo (chodula moto batire ikatsika) pa ESC, pafupifupi 3.2V mpaka 3.4V pa selo. Pa ESC ngati Hobbywing QuicRun 1060 ndi nkhani yosuntha kajampa kamodzi.

Tchajani nthawi zonse pa balance (pulogalamu yofananitsa maselo), pa mlingo wa 1C: batire ya 2200mAh pa 2.2A, ya 5000mAh pa 5A. Chaja ya mtundu wa iMAX B6 imalandira 11V mpaka 18V, kotero magetsi a ESCOM akazima mutha kuilumikiza ku batire ya sola kapena ya galimoto. Adaputa ya laputopu ya 19V yapitirira malire, musaiyese. Batire ya njinga yamoto ya 12V 7Ah ili ndi pafupifupi 84Wh, pamene 2S 5000mAh imafuna 37Wh. Kutchaja kamodzi kokha mwaimwa pafupifupi theka, ndipo mwini kabaza sakukhululukirani m'mawa.

Potchaja, ikani batire mu mphika wadothi wokhala ndi mchenga pansi, pa simenti, kutali ndi mphasa, makatani ndi denga la udzu, inu muli pomwepo. Mbale ya mchenga ikhale pambali. Ngati simuyendetsa kwa masiku oposa atatu, isiyeni pa 3.8V pa selo. Chaja ili ndi pulogalamu ya storage yochitira zimenezi. Batire yotupa kapena yobooka yatha ntchito: ilumikizeni ku babu la galimoto la 12V panja, pa dothi, mpaka itheretu, ndipo isakalowe m'dzala lotenthedwa. Kukazizira LiPo imafooka ndipo cutoff imagwira msanga. Isungeni m'nyumba mpaka nthawi yoyendetsa.

Maselo a 18650 ochotsa mu batire za laputopu amayendetsa ka crawler ka 1/16, koma mota ya 540 imafuna magetsi oposa amene angapereke. Amatentha n'kugwa mphamvu.

Mapulagi oyera a Tamiya amatentha ndi kusungunuka. Sinthani muike XT60. Mufunika chowotcherera cha 60W cha mlomo waukulu, mtovu wa 60/40 ndi waya wa 14 kapena 12 AWG. Kachowotcherera ka okonza mafoni n'kochepa. Pitani kwa okonza mawailesi ndi ma TV. Pa batire dulani waya umodzi, uwotchererani, uvekeni heat shrink (kapaipi kofota ndi kutentha), kenako mudule winawo. Kudula onse awiri nthawi imodzi ndi pulayala ndi kuyatsa moto.

Tsopano mota

Pa mota za ma brush, nambala ya T (kuchuluka kwa mizunguliro ya waya m'kati) ikachepa liwiro limakwera ndi kutentha komwe. Ya 27T ndi yapakati, 12T mpaka 15T ndi yothamanga, crawler imafuna 35T mpaka 55T. Pa brushless, mota yopanda ma brush, muyang'ane KV, kuzungulira kwake pa mphindi pa volti iliyonse: ya 3300KV pa 7.4V imazungulira pafupifupi ka 24,400 pa mphindi ilibe katundu. Pa 1/10 ya 2S, mota ya 3650 ya 3300KV ndi ESC ya 60A zakwana. Koma musanaiike, tsimikizani kuti magiya a mu diff ndi mashafti ndi achitsulo.

Pinion ifanane ndi spur pa pitch, kukula kwa mano: 48P ndi 48P, 32P ndi 32P, Mod 0.6 ndi Mod 0.6. Zina zimaoneka ngati zikulumana koma zimadyana. Bowo la pinion lifanane ndi shafti ya mota, 3.17 kapena mamilimita 5. Kasikuluwu ka pinion kakhale pa mbali yophwatalala ya shafti, ndi kadontho ka thread lock. Pokonza kulumana, dulani kapepala ka m'kope, kaikeni pakati pa magiya awiriwo, kankhirani mota ku spur, mangani masikuluwu, zungulitsani pepala lituluke. Mukagwira pinion, spur izigwedera pang'ono chabe. Yesani malo anayi kuzungulira spur, chifukwa si nthawi zonse imakhala yozungulira ndendende. Kumanga kwambiri kumaotcha mota ndipo kumalira mokwiya. Kumasula kwambiri kumadula mano.

Tiyerekeze spur ili ndi mano 87, pinion 19, ndipo bokosi la magiya limachulukitsa ndi 2.6. Gawani 87 ndi 19, chulukitsani ndi 2.6, mupeza 11.9. Mukaika pinion ya 17 mupeza 13.3: liwiro latsika pang'ono, mphamvu yokokera yakwera, mota ikuzizira. Pa udzu wautali, zitunda kapena mukaika matayala akuluakulu, tsikani mano awiri musanayambe n'komwe. Yendetsani mphindi zisanu, imani, gwirani mota ndi chala. Ngati simungapirire masekondi atatu, yayandikira kapena yadutsa madigiri 70, pamene maginito amayamba kufooka. Tsikaninso mano awiri. Galimoto yokhala ndi slipper (kakilachi ka pa spur), mangani nati yake mpaka kumapeto kenako bwezani pang'ono monga buku lake likunenera, kuti iziterereka kamphindi poyambira m'malo mothyola magiya potera.

ESC yatsopano iphunzitseni rimoti yanu: pakati, moto wonse, buleki yonse, motsata kapepala kake. Brushless yopanda sensa ikazungulira chobwerera, sinthanitsani mawaya awiri aliwonse mwa atatuwo. Kenako yesani failsafe (choimitsa galimoto siginolo ikasowa) galimoto ili pa njerwa, mawilo ali m'malere: pondani moto pang'ono, zimitsani rimoti. Mawilo aime. Akapitiriza, konzani pa receiver musanatuluke panja. Poyatsa imayamba ndi rimoti, pozimitsa imayamba ndi galimoto.

Bodi ndi poyesera

Amene anakula akupinda magalimoto a mawaya ali ndi luso lofunika pano. Khola la waya wa mamilimita awiri kapena atatu, lovekedwa pulasitiki ya chigubu, limalimba kuposa bodi yogula. Likhale lopepuka ndi lotsika, chifukwa kulemera kwa pamwamba kumagubuduza galimoto pokhota. Bodi ya malata imatchinga siginolo ya 2.4GHz, ngati mwaikonda, tulutsani nsonga ya antena pamwamba kudzera m'kapaipi ka pulasitiki, ndipo musaidule kapena kuipinda.

Nkhuti yakale youmbira njerwa ndi bwalo labwino la crawler: pali zitunda, zidutswa za njerwa ndi makwawa ang'onoang'ono, bola mwapempha mwini malo. Yothamanga ipite pabwalo la mpira nthawi imene palibe osewera, osati m'mbali mwa M1 kapena m'mizere ya mbatatesi za eni ake. Malo a zojambula zakale za pamiyala ku Chongoni, amene UNESCO inawaika pa mndandanda wake mu 2006, ndi otetezedwa, si poyeserapo matayala. Ana adzabwera ndithu, ndi agalu omwe; lembani mzere pansi oonerera aime kumbuyo kwanu, poti galimoto ya makilogalamu awiri ili pa liwiro imathyola kakolo. Batire yoyamba iyendetseni pa theka la moto, kenako imani muyendere masikuluwu onse, manati anayi a mawilo ndi kasikuluwu ka pinion, kamene kawirikawiri ndi koyamba kumasuka.